Tsiku Limodzi ku Madzi Otentha a ku Kapishya

Nkhani ya lero ndi ya madzi amene aturuka pansi ali otentha, ndi ya banja limene lifuna kukasamba m'madzimo tsiku limodzi lokha, osalipira nyumba yogona.

Munthu ali yense amene anatsikapo mu mgodi adziwa cinthu cimene anthu a pamwamba angocimva ndi makutu, ndico cakuti pansi pa dziko mpotentha. Pamwamba pangakhale cisanu ca June coti munthu abvale jekete, koma cikepe cikamfikitsa pansi peni-peni, malaya anyowa ndi thukuta iye asanagwire fosholo. Thanthwe lomwe likhala lofunda polikhudza ndi dzanja. Akatswiri a za miyala ati m'malo ambiri kutentha kukwera ndi madigiri 25 kufikira 30 pa kilomita iri yonse imene munthu atsika. Ku Mponeng, mgodi wa golide wa ku South Africa umene kuya kwace kuyandikira makilomita 4, thanthwe litentha kuposa madigiri 60, kotero kuti eni mgodi agwiritsa nchito madzi oundana kuziziritsa mpweya kuti anthu akhoze kugwira nchito.

Tsono kasupe wa madzi otentha acokera ku kutentha komweko. Mvula ikagwa pa mapiri, si madzi onse amene athamangira ku mitsinje ai. Ena alowa m'ming'alu ya matanthwe, natsika pang'ono-pang'ono kufikira kumene miyala iri yotentha. Kumeneko afunda, ndipo akapeza mng'alu wina wopita kumwamba, madzi a pambuyo awakankha, nakwera msanga asanazizire. M'Zambia mulibe phiri lolavula moto, koma muli ming'alu yaikuru ya dziko, maka-maka m'cigwa ca Luangwa, m'madambo a Kafue ndi kufupi ndi nyanja za Tanganyika ndi Mweru. Ndico cifukwa cace akasupe otere amene anawerengedwa m'dziko muno aposa 80. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, malo otere amawacha Mawira, monga aja a ku Nkhotakota.

KAPISHYA ALI KUTI?

Ambiri a akasupe amenewa ali m'chire, opanda posinthira zobvala kapena pogula cakudya. Mmodzi wa ocepa amene anakonzedwa kuti banja lifikepo ndi ana ndiye Kapishya, m'cigawo ca Muchinga, m'mbali mwa mtsinje wa Mansha, m'dera la Shiwa Ng'andu.

Dzina ili la Shiwa Ng'andu ndi la Cibemba, ndipo linena nyanja ya ng'ona. David Livingstone anapita pa nyanjayi m'caka ca 1867. M'caka ca 1914 panafika msilikari wa ku England, Stewart Gore-Browne, amene anabwereranso itatha nkhondo yoyamba, namanga nyumba yaikuru ya njerwa imene iripo kufikira lero. Anthu a kumeneko anamucha Chipembele, ndiko kuti cipembere, popeza anali wa mtima wapacala ndi waukali pa anchito ace. Koma munthu yemweyo anayankhulira anthu akuda m'bwalo la malamulo la Northern Rhodesia zaka zambiri, ndipo pambuyo pace anagwirizana ndi Kenneth Kaunda pa nkhondo ya ufulu. Pamene anamwalira m'caka ca 1967, boma la Zambia linamuika m'manda mwa ulemu wa boma. Patapita zaka, malowa anafika m'manja mwa adzukulu ace, ndipo kasupe wa Kapishya ali makilomita ngati 20 kucokera pa nyumba yaikuruyo.

Wofika pa kasupeyo apeza dziwe losaya kwambiri, lozungulidwa ndi ziwale ndi mitengo ina yobiriwira caka conse. Pansi pace pali mcenga woyera, ndipo madzi ngoyera mbee, oti munthu aona zala za ku mapazi ace. Apo ndi apo tithobvu tituruka mu mcengamo, ndimo m'mene madzi atsopano alowera. Kutentha kwace kuli pa madigiri ngati 40. Akasupe ambiri anunkha pfungo la mazira obvunda cifukwa ca sulufule, koma uyu alibe pfungo limenelo. Madzi osefukira atsikira mu Mansha, mtsinje wa madzi ozizira umene uli pafupi pomwepo.

MALIPIRO A TSIKU LIMODZI

Pa malowa pali nyumba za alendo ndi poimika matenti, koma mtengo wa nyumba zotere ngwolemera kwa munthu wodikira malipiro a pa mwezi. Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti si lamulo kugona komweko. Mlendo akhoza kulipira ndarama ya tsiku limodzi, nasamba, napumula pa mthunzi, nacoka dzuwa lisanalowe. Ndarama imeneyi ndi ya kasupe ndi bwalo lace. Cakudya, zakumwa ndi kuona nyumba yaikuru ya ku Shiwa ziri ndi mtengo wace pa zokha.

Akuru anati safunsa anadya phula. Mitengo isintha caka ndi caka, cotero mwini banja ayambe waimba lamya asanagule tikiti la basi. Afunse zinthu zisanu: wamkuru alipira zingati, mwana alipira zingati, ndipo umwana ulekeza pa zaka zingati, alendo a tsiku limodzi alandiridwa kuyambira nthawi yanji kufikira nthawi yanji, kodi aloledwa kubwera ndi kamba wao, ndiponso ngati afuna kudya komweko, kodi ayenera kunena pasadakhale. Malo a kutali ndi tauni saphika mphika waukuru modikira anthu osadziwika. Banja lofika mwadzidzidzi ndi ana anai a njala likhoza kuyamba tsiku lace ndi misozi.

Tsono za njira. Pasakhale wonyengedwa ndi mau akuti tsiku limodzi, pakuti kwa munthu wa ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Chingola, tsiku limodzilo ndi la pa kasupe pokha. Ulendo wonse ufuna masiku atatu. Kucokera ku Kapiri Mposhi kudzera pa Mkushi ndi Serenje kufika ku Mpika pali makilomita oposa 400 pa mseu wa Great North Road. Njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa m'caka ca 1975, ipitanso pa Mpika, koma wofuna sitima ayambe wafunsa masiku amene iyenda. Kucokera ku Mpika munthu ayenda makilomita ngati 90 kulowera kumpoto, napatukira ku dzanja la manzere, ndipo pamenepo patsala makilomita ngati 30 a mseu wa dothi. Basi yaikuru ingakutsitseni pa mphambano, koma makilomita 30 si oyenda pansi ndi mwana kumsana.

Cifukwa cace ulendowu ukomera anthu a pa chuthi, maka-maka iwo amene ali ndi abale kapena apongozi ku Mpika kapena ku Chinsali, ndipo otere ngambiri ku migodi. Mabanja awiri kapena atatu akhoza kugwirizana, nabwereka galimoto imodzi ku Mpika, nagawana mtengo wace. Apangane ndi woyendetsa za kupita ndi kubwera komwe, asananyamuke. Nyengo yabwino ndi ya cisanu, kuyambira May kufikira August, pamene mseu uli wouma, udzudzu wacepa, ndipo madzi otentha akoma koposa. M'mawa wa June nthunzi ifuka pa dziwelo ngati pa mphika wa phala.

NDARAMA ZICOKE KUTI?

Yerekezani munthu wina wa ku Mufulira, wa ana atatu, amene wagwira nchito pansi zaka 12. Ana ace amdziwa monga munthu woturuka kusanace ndi wobwera ali wotopa. Loweruka lace lithera ku mowa pamodzi ndi anzace a pa nchito, ndipo palibe womdzudzula, popeza nchito yace njowawa. Mkazi wace amva za Kapishya kwa mlamu wace, nayamba nkhaniyo tsiku lina atatha kudya.

Mwamuna ayankha nati, “Mai, malo amenewo ndi a azungu ndi a mabwana. Ife ndarama zace tiziona kuti?”

Mkazi ati, “Bambo, sindinena za kugona kumeneko ai. Kogona kulipo kwa acimwene ku Mpika. Mungowerenga zimene zipita Loweruka liri lonse, ndipo muziike pambali miyezi itatu yokha. Ine ndiika za cilimba canga.”

Mau a mai ameneyu ngoona. Mabanja ambiri salephera ulendo wotere cifukwa ca umphawi wokha, koma cifukwa ndarama ya cisangalalo ithera pa munthu mmodzi, pang'ono-pang'ono, osaoneka. Wofuna kupita agawe ndarama zace panai: za ulendo, za pa cipata, za cakudya, ndi zina zosakhudza, zodikira bvuto la pa njira monga kuphulika kwa tayala kapena mwana kudwala. Amene angakwanitse magawo atatu okha adikire mwezi wina, pakuti kasupe sathawa. Ndipo ndarama ya sukulu isalowe m'thumba limeneli ngakhale pang'ono.

Zonyamula nzocepa: zobvala zosambira kapena kabudula ndi citenje, thaulo, malaya ofunda a ana obvala akaturuka m'madzi, zigubu za madzi akumwa, ndi kathumba kotayamo zinyalala.

MADZI OTENTHA ALI NDI MALAMULO ACE

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo amai amvetse bwino. Thupi la munthu litentha madigiri 37. Munthu akakhala m'madzi a madigiri 40, thupi lace lisowa kotayira kutentha, pakuti thukuta siligwira nchito m'kati mwa madzi. Mitsempha ya mwazi ifutukuka, mtima ugunda msanga, ndipo munthu akaimirira mwadzidzidzi amva cizungulire, mwina nkugwa. Anthu a pa mgodi acidziwa cimeneci, popeza anaonapo mnzao akukomoka ndi kutentha pansi. Madzi okomawa acita zomwezo, koma mwakacetecete, munthu ali kusangalala.

Cotero wamkuru asakhale m'madzimo kupitirira mphindi 15 nthawi imodzi. Aturuke, akhale pa mthunzi, amwe madzi ozizira, ndipo abwererenso akapumula. Poturuka adzuke pang'ono-pang'ono.

Ana atenthedwa msanga kuposa akuru cifukwa matupi ao ngang'ono. Mwana wa sukulu alowe mphindi zocepa, ndipo nkhope yace ikafiira, kapena akayamba kufooka ndi kukhala cete, aturutsidwe pomwepo. Wakhanda asamizidwe m'madzi otere konse. Akhale pa mthunzi ndi womlera. Dziwe losaya lisanyenge munthu, pakuti mwana amira ngakhale m'madzi a m'maondo, ndipo amira osapfuula. Pa nthawi iri yonse pakhale wamkuru mmodzi amene nchito yace ndi kuyang'ana ana basi, osati kuceza kapena kujambula zithunzi. Akatopa anene poyera kuti, “Tsopano ana ali m'manja mwanu,” ndipo winayo abvomere. Ngozi zambiri zigwa pamene akuru ali ambiri, yense akuganiza kuti mnzace ali kuyang'ana. Madzi akatayika saoleka.

Mai wodwala pakati, maka-maka m'miyezi yoyamba, asamize thupi lonse, cifukwa kutentha kwambiri kungaononge mwana wa m'mimba. Kubviika mapazi kumkwanira. Munthu wa nthenda ya mtima, ya kuthamanga kwa mwazi, ya shuga kapena ya khunyu afunse dotolo asananyamuke. Wa cironda cosapola kapena wotsegula m'mimba asalowe, cifukwa ca anzace.

Mowa ndi madzi otentha siziyenderana. Mowa uumitsa thupi, uonjezera cizungulire, ndiponso ugonetsa munthu. Wogona tulo m'madzi sadziwa pamene mphuno yace yamira. Mwamuna amene wanyamula banja lace makilomita onsewa kuti akapitirize za Loweruka pa malo atsopano wataya ndarama zace.

Ndi bwinonso kusamiza mutu. M'madzi ofunda a m'chire nthawi zina mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tikalowa m'mphuno tingadwalitse ubongo. Matendawa sagwa kawiri-kawiri, koma ngoopsa, ndipo kuwapewa nkosabvuta: ana asadumphiremo ndipo asapikisane kumira.

Mtsinje wa Mansha ukopa munthu amene watenthedwa. Koma kumbukani tanthauzo la dzina la dera limeneli. Pasakhale wolowa mu mtsinje kapena m'nyanja ya Shiwa asanafunse eni malo ngati pamenepo mpabwino.

Potsiriza, kasupe si bafa ndipo si pocapira. Sopo, mafuta odzola ndi zobvala zakuda ziononga madzi amene anthu ena alipira kuti awapeze oyera. Botolo la galasi likasweka mu mcenga woyera silioneka kufikira litaceka phazi la mwana. Pa malo otere pabwera anthu a mitundu yambiri ofuna bata, cotero nyimbo zokweza zitsale kunyumba.

KASUPE SI CIPATALA

Kuyambira kale anthu anena kuti madzi otentha aciritsa matenda. Coona cace ndi ici: madzi ofunda amasula minofu youma, acepetsa kuwawa kwa msana ndi kwa mfundo kwa kanthawi, ndipo munthu agona tulo tabwino usiku wace. Kwa munthu amene wanyamula zitsulo caka conse, cimeneci si cacing'ono. Koma madzi otentha sacotsa pfumbi la mgodi m'mapapo, ndipo saciritsa cifuwa cacikuru. Wotsokomola masabata awiri kapena atatu, woonda, woturuka thukuta usiku, njira yace ndi ya ku cipatala. Munthu wa pa mgodi asaleke kukapimidwa mapapo pa nthawi yace cifukwa cakuti anasamba ku Kapishya. Ndipo asakhulupirire wina ali yense womgulitsa madzi a m'botolo ponena kuti ndi mankhwala.

AKASUPE ENA SALI CIMODZIMODZI

Anthu a ku Lusaka ali ndi kasupe wapafupi, wa ku Chinyunyu, m'mbali mwa mseu wa Great East Road kupitirira Chongwe. Kumeneko nkotheka kupita m'mawa ndi kubwera madzulo. Koma asaganize kuti apeza za ku Kapishya. Pa diso la kasupeyo madzi aturuka otentha kwambiri, oti atentha khungu, ndipo khungu la mwana lipsa msanga kuposa la wamkuru. Madzi a madigiri 60 atentha munthu m'masekondi owerengeka okha. Pa malo otere ana agwiridwe dzanja.

Ku Lochinvar, kufupi ndi Monze, kuli akasupe a Gwisho, amene madzi ace ena ayandikira kuwira. Kumeneko nkoona ndi maso, osati kosamba. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri a zakale anakumba pamenepo, napeza mafupa a anthu, mibvi ndi zida za mtengo za alenje amene anakhala m'mbali mwa akasupewo zaka zoposa 4,000 zapitazo. Cotero banja la lero likakhala pansi pafupi ndi madzi otentha, licita cimene anthu a dziko lino anayamba kucita kale lomwe.

POBWERERA

Bwererani tsono kwa munthu uja wa ku Mufulira. Anamvera mkazi wace, ndipo m'mwezi wa July afika pa kasupe nthawi ya 9 koloko m'mawa, ana ali kunjenjemera ndi cisanu ca m'galimoto. Wamng'ono aika phazi m'madzi, naliturutsa msanga, nayang'ana uku ndi uku kufuna nkhuni.

“Atate, kodi asonkha moto pansi pa madziwa ndani?”

Funso limeneli mphunzitsi angaliyankhe kucokera m'buku, koma atate ameneyu aliyankha ndi zimene thupi lace lidziwa. Akhala mu mcenga, madzi ali m'cifuwa, nafotokozera ana ace za cikepe, za mdima, za thanthwe lofunda ndi za madzi amene adontha m'ming'alu usana ndi usiku. “Mwana wanga,” ati, “kutentha kumeneku ndi komwe kuja kumene kunditopetsa ku nchito. Kumeneko ndi mdani wathu. Lero kwatilandira ngati alendo.” Zaka 12 ana amenewa anaona nsapato zace za mgodi pakhomo, koma lero ndilo tsiku loyamba kumva kumene nsapatozo zipita.

Nthawi ya 3 koloko madzulo mai asonkhanitsa zobvala ndi zinyalala, pakuti mseu wa dothi suyendeka bwino mu mdima, ndipo ku Mpika nkutali. Ana agona galimoto isanafike pa mphambano. M'thumba la atate mwatsala gawo lacinai lija, losakhudzidwa.

Inu amene chuthi canu ciri pafupi, kambiranani nkhaniyi ndi a kunyumba usiku uno. Werengani ndarama, imbani lamya, funsani mafunso asanu aja, ndipo mukapita, maso akhale pa ana.